Kodi Mwendo Umamvera Ndani?

Zowerenga za ulendo uno zachokera pa kusamvana kwakung'ono kumene kunabuka m'mudzi wina kuno ku Karonga pokonzekera chikondwerero cha Ridván. Achinyamata anapempha kuti mapemphero akatha avine mapenenga, monga amavinira atate awo ntchito yokolola ikatha. Agogo ena aakazi, amene akhala m'Chipembedzo zaka zambiri kuposa ambiri a ife, anakana. "Ana anga," anatero, "ng'oma ndimaidziwa ine. Ikalira, munthu sakhalanso mwini wa thupi lake. Tsono chinthu cholanda munthu ufulu chilowe bwanji pa tsiku lopatulika?" Mnyamata wina anayankha mwaulemu: "Agogo, nanga tikamaimba pamapemphero, si phazi lanu lija limagunda pansi?" Anthu anaseka, agogonso anaseka. Koma funso lawo linatsala osayankhidwa, ndipo ine ndikuona kuti n'lolemera kuposa mmene tinalitengera tsikulo.

Tiyambe ndi chilankhulo chathu. Timati "kuimba ng'oma", ngati kuti dzanja lili ndi pakamwa. Tikati "gule", sitisiyanitsa nyimbo, ng'oma, m'manja ndi mapazi. Zonsezo ndi gule. Ndipo mawu akuti "kumva" amasenza katundu wambiri: timamva ndi khutu, timamva kuwawa, timamva tanthauzo la nkhani, mwana wabwino amamva makolo ake. Choncho munthu akati "ndamva ng'oma", wanena kuti yalowa m'khutu, yamukhudza m'thupi, waizindikira, mwinanso waimvera.

Akatswiri ena ofufuza anafika pa mfundo yomweyi podzera njira yaitali. Gerhard Kubik wa ku Vienna anakumana ndi Daniel ndi Donald Kachamba mu 1967 ku Blantyre, akuimba nyimbo za kwela. Sanakhutire ndi kujambula mawu okha. Patapita nthawi analowa m'gulu la Donald namaimba nawo, pamodzi ndi Moya Aliya Malamusi wa ku Chileka, amenenso anali woimba ndi wofufuza nthawi imodzi. Zimene Kubik ankabwereza m'zolemba zake n'zakuti nyimbo zambiri za mu Africa muno zimamangidwa pa kayendedwe ka thupi. Woimba amaphunzira kaye njira ya dzanja, mawu amatuluka m'njirayo. Ndipo kusuntha kwina kumene sikutulutsa phokoso konse, monga dzanja likamakwera m'mwamba lisanagwe pachikopa, n'gawo la nyimboyo. Wongomvetsera tepi amaphonya theka.

Ngati zili choncho, agogo aja sanalakwe. Nyimbo simathera m'khutu. Imapempha thupi kuti liyankhe, ndipo kawirikawiri thupi limayankha nzeru zisanafunsidwe.

Anansi athu a Chitumbuka amalidziwa bwino limeneli. Mawu akuti vimbuza amatchula matenda, mizimu imene amati yabweretsa matendawo, ndiponso gule wochiritsa. Bungwe la UNESCO linalengeza vimbuza mu 2005 kukhala chuma cha chikhalidwe cha anthu a dziko lonse. Steven Friedson wa ku America anakhala pakati pa asing'anga a kumpoto kuno m'zaka za m'ma 1980, ndipo m'buku lake la mu 1996 lotchedwa Dancing Prophets anafotokoza kuti kaimbidwe ka ng'oma za vimbuza kamatha kumveka m'njira ziwiri nthawi imodzi, ngati kakuyenda pawiripawiri komanso patatupatatu, moti womva amasunthidwa pamalo pamene anazolowera kuima. Ife Abahá'í sitifotokoza matenda ponena kuti mzimu walowa mwa munthu, ndipo timalangizidwa kupita kwa madokotala odziwa ntchito yawo. Komabe woona chilungamo avomereza chinthu chimodzi: usiku wa vimbuza wodwala sasiyidwa yekha. Amayi amaimba ndi kuomba m'manja momuzungulira mpaka kucha, ndipo zowawa zimene sakanatha kuzinena pamaso pa apongozi zimapeza potulukira. Ndi angati mwa odwala athu amene tinawachezerapo usiku wonse?

Mphamvu ilipo ndithu. Funso ndi lakuti ikupita kuti.

Taonani mbiri ya gule amene anyamata athu anapempha. Pa 9 September 1914 asilikali a Britain ndi a Germany anamenyana pano pa Karonga, ndipo manda a ena mwa ophedwawo alipo mpaka lero. Nkhondo imeneyo inatenga amuna ambiri a m'mbali mwa nyanja, ena ngati asilikali a King's African Rifles, ena ngati amtengatenga osenza katundu. Malipenga, mapenenga ndi mganda ndi magule a banja limodzi, otengera perete wa asilikali ndi mabandi awo. Terence Ranger analemba za mtundu umenewu wa magule m'buku lake la mu 1975 lonena za beni. Mizere yowongoka, zovala zofanana zochapidwa bwino, maudindo onga a usilikali, zonsezi zinachokera kumeneko. Koma m'malo mwa lipenga lachitsulo anthu anatenga chipanda chouma, m'malo mwa mfuti anatenga ndodo kapena litchowa, ndipo m'malo mokaphana midzi inayamba kuitanana kukapikisana ukhondo ndi luso, alendo n'kuphikiridwa. Perete amaphunzitsa mwendo kumvera lamulo popanda kufunsa, kuti tsiku lina chala chidzamverenso popanda kufunsa. Makolo athu anatenga mayendedwe omwewo n'kuwachotsa ululu. Ine ndimaona kuti ichi n'chimodzi mwa zinthu zanzeru kwambiri zimene anthu a dziko lino anachitapo, ngakhale sichilembedwa kawirikawiri pakati pa zopambana zathu.

Koma njira yomweyo imayendekanso chobwerera. M'nthawi ya chipani chimodzi, imene inatha mu 1994, amayi m'dziko lonse ankatengedwa kukavina pamisonkhano ya boma, wofuna ndi wosafuna yemwe. Magule anali a kumudzi omwe aja, nyimbo zinali zokoma, nsalu zowala. Lisa Gilman, amene anafufuza za kuvina kwa amayi pandale m'Malawi muno, anatulutsa buku lake mu 2009 losonyeza kuti mwambowu sunathe ndi kusintha kwa ulamuliro. Sitikunena izi kuti tiweruze chipani chilichonse. Imeneyo si ntchito yathu. Tikungoona kuti mayi wovina chifukwa mtima wasefukira ndi mayi wovina chifukwa akuopa, kapena chifukwa kunyumba kulibe mchere, amaponda mofanana. Woonerera sangasiyanitse. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

M'buku la Kitáb-i-Aqdas, limene linavumbulutsidwa ku 'Akká cha m'ma 1873, Bahá'u'lláh analoleza kumvera nyimbo, pamene aphunzitsi ena achipembedzo a m'dera limenelo ankaziletsa. Anaziyerekeza ndi makwerero a mzimu, nachenjezanso kuti zisatichotse pa ulemu ndi kudziletsa. Aliyense amene anafolerapo denga amadziwa kuti makwerero sasankha: okwera ndi otsika amaponda mitanda yomweyo. Za kuvina, malangizo olembedwa m'malo mwa Shoghi Effendi amati ziphunzitso sizikuletsa, bola tikumbukire kudzilemekeza ndi chiyero. Ndipo n'zoona kuti m'Nyumba Zopembedzeramo, monga ija ya ku Kampala imene inatsegulidwa mu 1961, mumamveka mawu a anthu okha popanda zoimbira. Izi sizitanthauza kuti ng'oma ndi yodetsedwa. Chilichonse chili ndi malo ake, monga Phwando la Masiku 19 lili ndi nthawi ya mapemphero, ya kukambirana ndi ya kucheza.

Apa ndi pamene ndimasiyana pang'ono ndi agogo athu. Iwo akuopa kuti ng'oma imalanda munthu ufulu. Koma kodi kumvera konse n'kutaya ufulu? Wovina mapenenga amene akufuna kuoneka yekha amawononga mzere wonse. Kuti gule akome, ayenera kuchepetsa phazi lake kuti lifanane ndi la mnzake wamfupi, kudikira pamene thupi likufuna kuthamanga, kumva ena ndi khungu lake osatembenuka kuwayang'ana. Amachita zimenezi mwa kufuna kwake, atayeserera madzulo ambiri. Kodi si zomwezi timavutika nazo pokambirana, pamene aliyense ayenera kupereka ganizo lake kenako n'kulisiya m'manja mwa gulu? Mnyamata amene sangakhale chete mphindi zisanu m'kalasi ndamuonapo akusunga mzere kwa ola lathunthu. Thupi lake linaphunzira kudzichepetsa mutu wake usanamve mawuwo.

Kumvera kumene agogo akukuopa n'kwina: kuja munthu amadzuka nako m'mawa akuchita manyazi, kuja kumafuna mowa kuti kuyambe, kuja mtsikana amabwerako ataonedwa ngati katundu wapamsika. Kumenekonso kulipo, ndipo nthawi zina kumachitika pabwalo lomwelo, ng'oma yomweyo, dzuwa likangolowa. Amene amati chikhalidwe chonse n'chabwino chifukwa n'chathu sanafunse amayi.

M'mudzi muja Bungwe Lauzimu litakambirana linagwirizana kuti anyamata avine masana, mapemphero ndi chakudya zitatha, ndipo mawu a nyimbo ayambe amvedwa ndi akuluakulu. Nyimbo imodzi inachotsedwa chifukwa inkanyoza mudzi woyandikana nawo, ngakhale anyamata anadandaula kuti ndi imene imautsa gule. Atsikana anafunsa chifukwa chake iwo angoomba m'manja, ndipo funso limenelo analisiyira msonkhano wina. Agogo aja anabwera, anakhala pamkeka patali pang'ono pansi pa mtengo wa mango, ndipo sanasinthe maganizo awo. Gule atatha anaitana mtsogoleri wa anyamatawo namuuza kuti wachitatu kuchokera kumanzere amafulumira phazi.

Pokambirana m'gulu lanu, yambani ndi nyimbo inachotsedwa ija. Anyamata ananena zoona kuti popanda iyo gule anazizirako. Kodi Bungwe linachita bwino?