Ulembe Umene Umasiya Mtima Ukugunda

Pakhosi pa munthu pali njira ziwiri zogundizana. Yakumbuyo ndi ya nsima, yakutsogolo ndi ya mpweya. Timameza malovu usana ndi usiku osaganizako, ndipo nthawi iliyonse kholingo limakwera, kachivindikiro kake nʼkutsika, timinofu tiwiri totulutsa mawu nʼkutsekana kuti gwa. Kadontho ka thobwa kakangophonya njira, munthu amatsamwa mpaka misozi. Namalenga anaika pamenepa mlonda wosaodzera.

Koma likafika tsoka, mlonda yemweyo amavutitsa ofuna kuthandiza. Munthu wagundidwa ndi minibasi cha kudepoti ku Old Town, wavulala mutu, akupuma mobanika. Kapena mayi wapakati ku Bwaila wayamba kukomoka chifukwa cha kuthamanga kwa magazi. Pafunika kulowetsa chubu mʼnjira ya mpweya kuti achipatala amupumire, chifukwa ubongo ukasowa okosijeni mphindi zinayi kapena zisanu umayamba kuwonongeka. Pamenepo nsagwada zalumana, kholingo likukana chilichonse chachilendo. Ku Bwaila ndi ku Kamuzu Central Hospital, imene inatsegulidwa mu 1977, ntchitoyi nthawi zambiri ili mʼmanja mwa makiliniko ofesala amene anaphunzira zogonetsa odwala.

Amayamba ndi jakisoni wogonetsa. Kwa amene wataya magazi ambiri amakonda ketamine, mankhwala amene anapangidwa ku America mu 1962, popeza sagwetsa mphamvu ya magazi monga amachitira thiopentone kapena propofol. Kenaka amatulutsa mʼfuriji kabotolo ka suxamethonium. Mphindi imodzi isanathe, zikope, masaya ndi zala zimanjenjemera pangʼono, kenaka thupi lonse zii. Nsagwada zafewa, timinofu ta mawu tatseguka, chubu chalowa.

Chimene chimanditsekula pakamwa ndi chobisika mkatimo. Mtsempha wochokera ku ubongo sukhudzana ndi mnofu. Pakati pawo pali kampata kosaoneka ndi maso, ndipo uthenga wakuti “kokeka” umawoloka kampatako ndi timadzi totchedwa acetylcholine. Suxamethonium ndi ma-acetylcholine awiri omangidwa pamodzi. Amakakhala pamalo a uthengawo nʼkukanirira, mnofu nʼkusiya kumva. Ndiye taonani izi: mʼmagazi mwathu muli kale chinthu chopangidwa mʼchiwindi chimene chimadula mankhwalawa, moti pakatha mphindi ngati zisanu munthu amayambanso kupuma yekha. Mankhwalawa anayamba kugwiritsidwa ntchito mʼzipatala cha mu 1951, pomwe chowasungunula chinali chikuyenda kale mʼmagazi a makolo athu a ku Kaphirintiwa. Alipo ochepa obadwa nacho chofooka. Amenewo amakhala maola angapo akupumira makina.

Nzeru yofooketsa minofu inachokera kutchire. Alenje a mʼnkhalango za Amazon ankaphika makungwa a ziyangoyango zina nʼkupaka ulembe wake, wotchedwa curare, ku timivi touzira ndi pakamwa. Nyani wolasidwa ankangolefuka nʼkugwa, ndipo nyama yake ankadya osadwala, chifukwa ulembewu sulowa mʼmagazi kudzera mʼmatumbo. Kwathu kuno alenje a kuchigwa cha Shire anali ndi wawo, kombe, amene John Kirk anamʼfufuza pa ulendo wa David Livingstone. Kombe amaimitsa mtima. Curare mtima saukhudza, ubongo saugoneka. Amangoletsa minofu, kuphatikizapo yopumira. Nʼchifukwa chake wogonetsa wodziwa ntchito sangabaye ofooketsa minofu asanagonetse wodwala, kuopa kuti angakhale akumva zonse koma osatha ngakhale kuphethira.

Mu 1814 Charles Waterton anabaya bulu wamkazi ndi curare ku London, naboola pakhosi pake, nʼkumamupopera mpweya ndi mvukuto kwa maola. Buluyo anadzuka, ndipo anakhala ndi moyo mpaka 1839. Zinatenga zaka zoposa zana kuti madokotala alimbe mtima: pa 23 Januwale 1942, Harold Griffith ndi Enid Johnson ku Montreal anapatsa curare mnyamata amene ankachitidwa opaleshoni ya mʼmimba. Mankhwala ofooketsa minofu a masiku ano monga vecuronium ndi rocuronium, amene amagwira nthawi yotalikirapo kuposa suxamethonium, amatseka malo omwe aja amene ulembe wa alenje unkatseka.

Nanga chomasula amenewa chinapezeka kuti? Kuchiphe chinanso. Ku Calabar, mʼdziko la Nigeria, oganiziridwa ufiti ankawamwetsa nyemba za esere, monga momwe kuno ankamwetsera mwabvi. Ambiri anafa osalakwa. Mʼnyemba zimenezo akatswiri anapezamo physostigmine, amene amachulukitsa acetylcholine pa kampata kaja, ndipo potengera iye anapanga neostigmine mu 1931. Opaleshoni ikatha, wogonetsa amabaya neostigmine pamodzi ndi atropine, wochokera ku chitsamba china chakupha chotchedwa belladonna, kuti mtima usachedwe kugunda. Ziyangoyango za ku Amazon, nyemba za ku Calabar ndi chitsamba cha ku Ulaya zinamera motalikirana nyanja zamchere, koma zonse zitatu zimagwira pa timadzi timodzi tomwe tija. Wogonetsayo sachotsa chubu kufikira wodwala atatsokomola, nʼkumeza, nʼkutukula mutu yekha akaitanidwa dzina.