NTCHITO YA PA MCHENGA

Mawu athu a mwezi uno achokera pa Akolose 3:22-24. Pamenepo Paulo akulankhula ndi anthu otumikira m'nyumba za ena, kuti azigwira ntchito ndi mtima wonse ngati akugwirira Ambuye. Muwerenge kaye musanapitirize.

Ambiri a ife kuno ku Boston timalidziwa gombe la Revere Beach, chifukwa sitima ya Blue Line imakafika komweko ndipo polowa salipiritsa. Gombeli linatsegulidwa mu 1896. Kuyambira 2004, nthawi yotentha mu July, kumachitika mpikisano woumba ziboliboli ndi mchenga. Akatswiri ake amachokera m'maiko osiyanasiyana. Ine ndinapitako pa tsiku langa lopuma, ndipo ndikufuna ndikuuzeni zimene Mulungu anandiphunzitsa.

Mchenga umene amaumbirawo si wa pagombepo. Wa pagombe unakwechedwa ndi mafunde, n'chifukwa chake sugwirana. Amachita kubweretsa wina pa malole. Amauthira m'matabwa okhomedwa ngati chikombole cha njerwa, n'kuthira madzi, n'kutsendera mwamphamvu. Akatero amaonjezera chikombole china pamwamba mpaka mulu utalike kuposa munthu. Kenako amachotsa matabwa n'kuyamba kusema kuchokera pamwamba, ndi timipeni ndi timafosholo. Amagwira masiku angapo dzuwa likuswa mtengo. Pomaliza amawaza madzi osakaniza ndi guluu kuti mphepo isaononge msanga.

Koma abale, zonsezo ndi za kanthawi. Mvula ndi mphepo zimagumula, ndipo pakapita masiku pamalopo pamakhala see, ngati panalibe kanthu. Woumbayo amadziwa zimenezi asanagwire n'komwe fosholo. Nanga bwanji sachita mphwayi? Bwanji amakonza ngakhale chikope cha diso? Chifukwa akudziwa kuti oweruza adutsa, aona ntchito yake isanagwe.

Apa ndi pamene ndinaganiza za ife. Mbale zimene watsuka m'mawa, madzulo zada. Pansi pamene wakolopa, ana apondapo. Nkhalamba imene waisambitsa ndi kuidyetsa zaka zitatu, tsiku lina yamwalira, ndipo achibale ake akuiwala dzina lako. Ndamva alongo ena m'gulu lathu akudandaula kuti moyo wawo wathera pachabe, alibe choti aloze. Ena afooka mpaka asiya kubwera ku mapemphero. Inenso ndimatopa, msana umandipweteka ngati inu nomwe.

Mlongo wanga, tamvera. Ntchito yako ili ndi Woweruza, ndipo Iye sachedwa kudutsa. Amaiona pa nthawi imene ukuigwira, bwana ali kuntchito, m'nyumba muli iwe wekha. Pa Mateyu 25 Yesu anaphunzitsa kuti wodyetsa wanjala ndi wosamala wodwala wachitira Iye mwini. Ndiye kuti thewera limene wasintha nkhalamba usiku, kumwamba lalembedwa. Ku Revere Beach mphotho amalandira ochepa, ena amabwerera chimanjamanja. Kwa Mulungu aliyense wokhulupirika adzalandira yake.

Musandimve molakwa. Sindikunena kuti tizingokhala chete akamatibera malipiro. Yakobo 5:4 akuchenjeza olemera kuti Mulungu amamva kulira kwa antchito omanidwa ndalama zawo. Lembani maola anu m'kabuku, funsani zanu mwaulemu, ndipo zikavuta uzani akulu a gulu kuti tithandizane. Koma musalole kuti mkwiyo ukusandutseni aulesi kapena akuba.

Kumbukiraninso kuti chiboliboli chimaima chifukwa cha kutsendera kuja, kumene oonerera sakuona. Kwa ife kutsenderako ndi pemphero ndi Mawu. Wosiya zimenezi amakhala ngati mchenga wouma, kamphepo pang'ono wamwazika. Amene mwakhala nthawi osabwera, bwererani, malo anu alipo. Amene mumadziwa mlongo wofooka, muimbireni foni sabata ino.

Tipemphere. Atate wathu wakumwamba, Inu mumaona zobisika. Limbitsani manja athu ndi misana yathu. Tipatseni mabwana achilungamo. Sungani ana athu ndi makolo athu kumudzi. Tsiku lomaliza mutipeze tili okhulupirika pa zazing'ono. M'dzina la Yesu Khristu, Amen.

Ine mlongo wanu mwa Ambuye.