Kwa mphwanga amene akufuna kubwera ndi ndege kumudzi

Mphwanga, mayi ako andiuza kuti wapeza ndege yogwirapo kale ntchito ku Johannesburg, ija ya Lake Buccaneer yotera pamtunda ndi pamadzi pomwe, ndipo ukufuna kuiulutsa wekha mpaka kuno kwathu ku Mulanje. Sindikuletsa. Ndalamazo wakhetsera thukuta, ndipo laisensi uli nayo. Koma ine malume ako ndakalambira pansi pa mapiko a ndege, sipanala ili m'manja, ndiye tchera khutu usanapereke ngakhale kakobiri.

Chimene chikundidetsa nkhawa ndi changu chako. Ndamva kuti wauza kale anzako tsiku limene udzazungulire pamwamba pa Chitakale. Tsiku limenelo ulifafanize. Munthu amene walonjeza tsiku amayamba kuona zimene akufuna kuona: dzimbiri amati ndi fumbi chabe, mtambo wakuda amati upita posachedwa.

Uyambe ndi mabuku a ndegeyo, penti udzaione pambuyo. Ndege iliyonse ili ndi mabuku olembamo maola amene yauluka ndi ntchito iliyonse imene amakaniko anagwirapo, la thupi la ndege, la injini ndi la pulopela. Uwawerenge tsamba ndi tsamba. Ukapeza zaka zingapo zopanda cholembedwa, funsa kuti ndegeyo inali kuti. Injini ya Lycoming ya mtundu umenewo amati iphwasulidwe ndi kukonzedwanso ikakwana maola 2,000 kapena zaka 12, chimene chayamba kukwana. Wogulitsa adzanyadira kuti injini ili ndi maola ochepa. Usakondwe msanga. Injini yokhala zaka osalira imadyeka ndi dzimbiri m'kati kuposa imene imauluka sabata ndi sabata, ndipo mtengo woikonzanso ungayandikire mtengo umene wagulira ndege yonse.

Ndege za mtundu umenewu anayamba kuzipanga cha m'ma 1970, ndiye mwina imene ukuifunayo ndi yaikulu kuposa iwe. Moyo wake wonse yakhala ikuviika mimba m'madzi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Upeze injiniya wako, amene sanakonzepo ndegeyo ndipo sadyera limodzi ndi wogulitsa, umulipire wekha. Atsegule zitseko zonse zing'onozing'ono, alowetse tochi ndi kagalasi pansi pa mipando, kumchira, ndi pamene mapiko agwirana ndi thupi. Ufa woyera pa aluminiyamu ndiye dzimbiri lake. Ufunsenso ngati inaterapo pamadzi amchere a ku Durban kapena ku Mozambique, pakuti mchere ukalowa m'mphako za zitsulo sutuluka. Kenako muiike pamadzi, muisiye ikhale maola angapo, mudzatsegule timabowo totulutsira madzi muone ochuluka bwanji alowa. Wogulitsa akakana zimenezi, mutsanzike mwaulemu ubwerere.

Tsopano za iwe mwini. Laisensi yako ndi ya ndege zotera pabwalo. Madzi ali ndi sukulu yakeyake, ndipo uyenera kuphunzitsidwa ndi munthu wodziwa ndege imeneyi. Injini yake ili pamwamba, kumbuyo kwa mutu wako, kotero ukaonjezera mphamvu mphuno imafuna kuwerama, zosiyana ndi zimene manja ako anazolowera. Ndipo pali cholakwa chimodzi chimene chapha akatswiri ambiri: kutera pamadzi matayala ali otsitsidwa. Matayala akangokhudza madzi ndege imagudubuzika chadodolido, iwe uli womangidwa lamba, mutu pansi, madzi akulowa. Uzolowere kunena mokweza ulendo uliwonse, ngakhale uli wekha, kuti ukutera pamadzi ndipo matayala ali m'mwamba, uyang'anenso ndi maso. Madzi abata ngati galasi, amene iwe ungaone ngati abwino, ndi achinyengo chifukwa diso silidziwa kuti madziwo ayambira pati.

Udziwe kuti ndege zotera pamadzi si zachilendo m'dziko muno. Mu 1949 ndi 1950 ndege zazikulu za kampani ya BOAC, za mtundu wa Solent, zinkatera ku Cape Maclear pa ulendo wochokera ku Southampton kupita ku Johannesburg. Koma zija zinali zimphona za mainjini anayi, ndipo zinali ndi maboti oyamba ayendera pamadzi ndege isanafike. Iwe udzakhala wekha ndi kandege kofuna mafunde osafika ngakhale m'bondo. Mwera ukayamba panyanja, kuyambira Meyi mpaka cha mu Ogasiti, mafunde ake amabweza ngakhale asodzi obadwira pagombe. Palinso matchera otchedwa pansi pamadzi, mabwato osaoneka msanga, ndi mvuu kumatsiriro a mitsinje. Ku Cape Maclear ndi malo otetezedwa, sungangotera popanda chilolezo.

Ndamvanso kuti mtima wako uli pa zimene zinachitika mu Malichi 2023, namondwe Freddy atagumula milatho n'kusiya anthu a ku Muloza ndi ku Phalombe opanda njira. Mtima umenewo ndaukonda, ndipo ndi umene wandichititsa kulemba motalika chonchi. Koma ndikuuze zoona. Madzi osefukira a Ruo kapena Thuchila amabwera ndi zitsa, miyala ndi malata, ndipo ndege yako singaterepo. Ntchito yopulumutsa anthu ija inagwiridwa ndi mahelikopita ndi maboti. Mulanje alibe madzi oterapo ndege. Madamu a m'minda ya tiyi ndi aafupi, ndipo nyanja ya Chilwa ndi yosaya, yodzaza mabango ndi maukonde, inaphweranso mu 1968 ndi mu 1995. Ngati ndegeyi idzapeze ntchito, idzaipeza ku Mangochi, ku Likoma kapena ku Nkhata Bay. Uwerengere zimenezi usanagule.

Za mapepala sinditalikitsa. Ndege ya zilembo za ZS iyenera kuchotsedwa m'kaundula wa ku South Africa isanalandire 7Q ya kuno. Pafunika chilolezo cha dziko lililonse limene udutsemo, inshuwalansi yovomereza kutera pamadzi, ndi msonkho wa MRA. Polowa m'dziko uyenera kutera pabwalo lokhala ndi a kasitomu, ngati Chileka. Mafuta a Avgas sapezeka pabwalo lililonse, ndiye uimbe foni m'mawa wa tsiku lonyamuka, umve ndi khutu lako kuti alipo.

Kuchoka ku Johannesburg kufika ku Blantyre ndi makilomita oposa 1,300 molunjika, maola asanu ndi awiri kapena kuposerapo pa liwiro la ndege imeneyi. Uwagawe masiku awiri kapena atatu. Usanayambe ulendowo uuluke nayo kaye pafupi ndi bwalo lake masiku angapo, uone mmene ikumwera mafuta ndi oyilo. Utengenso woyendetsa mnzako wodziwa njira. Uzinyamuka m'bandakucha, pakuti ku Johannesburg n'kokwera, ndipo dzuwa likatentha mpweya umapepuka, ndege yodzaza mafuta imakwera mwaulesi.

Chimene ndikuopa koposa ndi phiri lathuli. Sapitwa ndi wotalika mamita 3,002, ndipo akungotumphuka kuchoka pachigwa popanda chenjezo. Iwe wakulira pano, ukudziwa mmene chiperoni chimabwerera kuchokera ku Mozambique: m'mawa Chambe akuoneka bwinobwino, pofika masana wasowa, ndi misewu yomwe. Wochokera kumwera atatopa, mafuta akutha, abale akudikira pansi, amayesa kutsika kuti adutse kunsi kwa mtambo. Pansi pa mtambowo pali mwala. Sitinaiwale za pa 10 Juni 2024, pamene ndege ya Dornier 228 inagwa m'nkhalango ya Chikangawa nyengo itaipa, n'kutenga Wachiwiri kwa Mtsogoleri wa dziko, a Saulos Chilima, ndi anthu ena asanu ndi atatu. Oyendetsa ake anali asilikali ophunzitsidwa, ndege yake ya mainjini awiri. Ukaona kutsogolo kwatseka, tembenuka ukagone ku Tete, ngakhale mausiku atatu.

Mayi ako uwauze sabata, osati tsiku. Ukatera ku Chileka uimange ndegeyo bwinobwino, ukwere minibasi ya msewu wa Midima, tidzadye nsima kuno. Pakadali pano unditumizire zithunzi za masamba onse a mabuku aja pa WhatsApp, kuyambira tsamba loyamba, ndiwawerenge ine usanalipire chikole.