Chimene penti imabisa

Kwa Nthache, m'boma la Mwanza, njinga yakapalasa ndi khasu lachiwiri. Imanyamula matumba a makala, madengu a manachesi ndiponso odwala opita kuchipatala cha paboma. Chifukwa cha kulemera kwa katundu ndi zitunda za m'derali, felemu imathyoka, kawirikawiri pamene mapaipi amakumana. Ikatero amapita nayo kwa mmisiri wowotcherera ndi mkuwa.

Mnyamata wophunzira ntchitoyi amalakalaka kugwira moto tsiku loyamba lomwe, koma mphunzitsi amamupatsa sandipepa kuti ayambe wapala dzimbiri, penti yakale ndi girizi mpaka chitsulo chiwale. Mkuwa umasungunuka kutentha kukafika madigiri pafupifupi 900, chitsulo chisanasungunuke, ndipo umayenderera n'kulowa m'kampata ka pakati pa mapaipi. Pakakhala litsiro sulowa, umangounjikana pamwamba.

Apa ndiye pagona funso. Polumikizidwa bwino ndi pongomatidwa pamwamba, pakapakidwa penti, pamaoneka chimodzimodzi. Mwini njinga sangasiyanitse. Kodi mmisiri walakwa ngati wadumpha ntchito imene palibe amene adzaione?

Ena anganene kuti sanalakwe. Mwini njinga wanenerera mtengo, akufuna njinga yake lero lomwe, pamene mmisiri naye ana akumudikira kunyumba. Zimenezi n'zoona, ndipo wolipira pang'ono dala ali ndi mlandu wake. Komabe felemu yomatidwa mwachinyengo sithyokera pamalo owotcherera. Imakathyokera pamtsetse, wakabaza atakweza mayi woyembekezera amene sanalipo pokambirana mtengo. Ndi chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, ndipo nyererezo zimaluma wosalakwa.

Mmisiri wa chikumbumtima ali ndi njira ziwiri zokha. Yoyamba ndi kuigwira ntchitoyo mokwanira. Yachiwiri ndi kunena zoona: “Achimwene, ndalamayi yangokwana kugwiriza. Musakwezepo munthu mpaka mutabweranso nayo.” Umphawi ungachepetse ntchito, koma supereka chilolezo chonama.

M'tauni muno ambiri sanagwirepo moto wowotcherera, koma aliyense ali ndi penti yake. Womanga nyumba amadziwa simenti imene wathira m'maziko. Namwino amadziwa ngati mankhwala a usiku anaperekedwadi kapena anangolembedwa m'buku. Msungichuma wa mphakati amadziwa ngati zimene wawerenga pamsonkhano zikugwirizana ndi zimene zili m'thumba.

Mu 1955 Papa Pius XII adakhazikitsa 1 Meyi kukhala tsiku la Yosefe Woyera, Mmisiri. Palibe mpando kapena chitseko chopangidwa ndi Yosefe chimene chikudziwika lero, koma Mthenga Wabwino umamutcha munthu wolungama. Mkhristu amene lero akupereka chopereka chake pa Misa adzifunse ngati ndalamayo yachokera pa ntchito imene angalole kuti wina aipale penti n'kuona za m'kati.