Tebulo Lodzaza, Mbale Imodzi

Mu 1939, pa chionetsero chachikulu cha mayiko ku New York, malo odyera a dziko la Sweden otchedwa Three Crowns anayala tebulo lomwe linasiya Aamerika kukamwa kuli yasa. Nsomba, nyama, tchizi ndi buledi zinali mbwee, aliyense n'kumadzipakulira yekha. Kuyambira pamenepo dzina lakuti smörgåsbord linawanda, moti lero limatchulidwa ngakhale pa zinthu zosadyedwa, pofuna kunena za mulu woti munthu angotolapo zimene mtima wake wakonda.

Dzinali n'lochokera kumudzi. Bord ndi tebulo, pomwe smörgås ndi buledi wopaka batala. Smör ndi batala, gås ndi tsekwe, chifukwa timibulu ta batala toyandama pamwamba pa mkaka wokhutchumulidwa tinkaoneka ngati atsekwe pamadzi. Mwambo wake unakulira m'nyumba za olemera, kumene alendo ankayamba aima pa katebulo ka mowa waukali, buledi ndi nsomba asanakhale pansi kudya. Pofika mu 1912, pamene mzinda wa Stockholm unachititsa masewera a Olimpiki, zotsegulira m'mimbazi zinali zitasanduka chakudya chathunthu.

Ofufuza za zipembedzo analibwereka dzinali pofotokoza munthu wa masiku ano amene amatola pemphero uku, kusinkhasinkha kwa Abuda uko, nyenyezi zolosera kwinako, n'kusiya zonse zomuwawa monga kulapa ndi kukhululukira mdani. Robert Bellah ndi anzake, m'buku lawo la 1985 lotchedwa Habits of the Heart, analemba za namwino wina wa ku America yemwe chikhulupiriro chake anachitcha dzina lake lomwe. Kodi chikhulupiriro chodzipakulira chotere chingamuwongole munthu, popeza iye mwini ndiye wasankha zoti chimuuze?

Komabe ufulu wosankha si wopepuka, ndipo anthu a ku Sweden anauvutikira. Lamulo la 1726 linkaletsa anthu kusonkhana m'nyumba kupemphera popanda m'busa wa mpingo wa boma wa Lutheran, ndipo linachotsedwa mu 1858. Lamulo lolola munthu kutuluka mumpingowo popanda kulowa wina linabwera mu 1951, ndipo mpingo unalekana ndi boma m'chaka cha 2000. Palibe wanzeru angafune kubwerera kumasiku amene wina ankakusankhira chokhulupirira.

Yankho lili pa tebulo lomwelo. Ku Sweden, smörgåsbord sadya mwachisawawa. Tore Wretman, katswiri wophika amene ankayendetsa malo odyera a Operakällaren ku Stockholm, anatchukitsa dongosolo lake: munthu amayamba ndi nsomba za herring zoviikidwa mu viniga pamodzi ndi mbatatesi yophika, n'kubwerera kukatenga nsomba zina monga salimoni, kenako nyama zozizira, kenako zotentha monga timibulu ta nyama yogaya, n'kutsiriza ndi zotsekemera. Ulendo uliwonse amatenga mbale yoyera n'kuikamo pang'ono. Wounjika zonse m'mbale imodzi amasakaniza viniga ndi msuzi, osamva kukoma kwa chilichonse. Wakudyayo ndi mfulu ndithu, koma amayenda m'njira imene ena anailambula kale, akukumbukira amene ali pambuyo pake pamzere.

Buku la Eksodo limasimba zofanana: Aisraeli ankadzitolera mana m'chipululu, aliyense monga mwa njala yake, koma amene anasunga mpaka m'mawa anapeza mphutsi.

Chikhulupiriro chosankha wekha chimalimba ngati wosankhayo alola kutenganso zowawa, pa nthawi yake, pamodzi ndi anzake. Ngakhale tebulo la Khrisimasi la ku Sweden, julbord, likusungabe zimenezi. Pakati pa nyama zonona pamakhala lutfisk, nsomba youma yonyowetsedwa, yotsalira kumasiku a Chikatolika pamene anthu ankasala nyama poyembekezera Khrisimasi. Ambiri amene amaidya lero salowa m'tchalitchi kawirikawiri, koma amaiikabe patebulo chaka ndi chaka.