OYERA AYAMBA, AKUDA ATSATIRA: KODI DZINA LIRI NDI MLANDU?

Acinyamata anzanga, aliyense amene anaphunzirako chesi, kaya kusukulu kaya kwa mnzake, anauzidwa lamulo ili tsiku loyamba lomwe: oyera ndiwo ayamba, akuda atsatira. M'Cingerezi mau amenewa amangodutsa. Koma tawanenani m'Cinyanja mumve kulemera kwake. Kwa ife "coyera" ndi cinthu copanda litsiro, ndipo liu lomweli ndilo timachulira zinthu zopatulika. "Cakuda" ndi covala cofuna sopo. Nanga khungu lathu timalichula ndi liu liti? Tsono funso ndi ili: kodi dzina limene tipatsa munthu pamasewera ndi cizindikiro cabe, kapena limaphunzitsa mtima wathu zinthu mwakacetecete?

Funso lotere si lacilendo muno mu Kafue. Tauni yathu inakula ndi mafakitale. Pamene Nitrogen Chemicals of Zambia inayamba kupanga feteleza mu 1970, ndiponso pamene makina a Kafue Textiles anali kulira usana ndi usiku, kunabwera Atonga, Abemba, Alozi, Ansenga, Acewa ndi ena ambiri kudzafuna nchito. Ana ao ndi adzukulu ao ndife. Tikhala moyandikana ku Estates, ku Shikoswe ndi ku Zambia Compound, ndipo tsiku ndi tsiku timapatsana maina. Cotero nkhani ya pabolodi ndi nkhani yathu.

LAMULO LA DZULODZULO

Coyamba tidziwe kuti lamulo lakuti oyera ayambe silinabadwe pamodzi ndi chesi. Mu 1851 ku London, Adolf Anderssen ndi Lionel Kieseritzky anasewera masewera amene mpaka lero ophunzira chesi amawaloweza. Anderssen ndiye anayamba, koma anali ndi asilikali akuda. Mabuku a masiku ano amamulemba kuti "Woyera" kuti owerenga asasokonezeke. Ca kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 ndi pamene okonza mipikisano anagwirizana kuti woyamba azitenga oyera nthawi zonse.

Anthu a kwina anagwirizana mwina. M'masewera a go, amene anacokera ku China, akuda ndiwo ayamba. Mu chesi ya ku Japan, yochedwa shogi, asilikali onse ndi a mtundu umodzi. Umadziwa wako poona kumene wapenya. Osewerawo amachedwa ndi mau otanthauza "woyamba" ndi "wotsatira". Ndipo taonani nsolo wathu: miyala yonse ndi yofanana, mbali yako imadziwika ndi pamene wakhala basi.

Komabe pali cinthu cimodzi coona. Powerenga masewera ambirimbiri a akatswiri, oyera amatenga mapointi 52 kufikira 56 pa 100 alionse. Mwai umenewo sucokera ku utoto ai, ucokera ku kuyamba. N'cifukwa cake pampikisano osewera amasinthana: lero oyera, mawa akuda. Cilungamo ca chesi ciri m'kusinthanako. Paja akulu anati caona mnzako capita, mawa ciri pa iwe.

KANYUMBA KAMODZI, MAINA AWIRI

Kalembedwe ka masewera nakonso kali ndi phunziro. Kale m'maiko olankhula Cingerezi, wosewera aliyense anali kuwerenga mizere kuyambira kumbali yake. Motero kanyumba kamodzi ka pabolodi kanali ndi maina awiri: mzere wacinai kwa iwe unali wacisanu kwa mnzako. Palibe amene anali pamwamba pa wina, koma cisokonezo cinali cacikulu. Kuyambira mu 1981 bungwe la chesi la dziko lonse, FIDE, limalola kalembedwe kamodzi kokha, ka zilembo a mpaka h ndi manambala 1 mpaka 8. Kanyumba kalikonse mwa 64 kali ndi dzina limodzi, ndipo mwana wa ku Kafue angawerenge masewera a ku Moscow popanda womasulira.

Koma kuti pakhale dzina limodzi, kuwerenga kuyenera kuyambira penapake, ndipo a1 anamuika kudzanja lamanzere la oyera. Wakuda amawerenga bolodi cam'mbuyo. Apa tiphunzirapo kuti anthu akafuna kumvana amasankha poyambira pamodzi, monga momwe dziko lathu la mitundu 73 linasankhira Cingerezi pa nchito za boma. Kusankhako ndi pangano lothandiza. Vuto limabwera pamene tiiwala kuti ndi pangano, n'kuyamba kuganiza kuti amene ali poyambirapo ndiye wanzeru kuposa ena.

PAMENE OSEWERA ALI ANAI

Nanga osewera akakhala anai? Ca m'ma 1030 wophunzira wina, al-Biruni, analemba za chesi ya anthu anai imene anaiona ku India. Masiku ano pa Chess.com pali chesi ya anai ya tinyumba 160, ndipo magulu ake ndi ofiira, abuluu, acikasu ndi obiriwira. Mau akuti "oyera ndi akuda" sagwiranso nchito. Okonza masewera otere amakumana ndi mafunso enieni: kodi kuwerenga tinyumba kuyambire kwa yani? Kodi wosewera alembedwe ndi dzina lanji?

Njira ziripo zitatu. Yoyamba ndi ya mitundu ya utoto. Ndi yosavuta, koma pali anthu, makamaka amuna, amene maso ao sasiyanitsa bwino cofiira ndi cobiriwira. Iwowa amatsalira popanda amene wafuna kuwacotsa. Yaciwiri ndi ya malo, monga acitira osewera makhadi a bridge: Kumpoto, Kum'mawa, Kumwera, Kumadzulo. Yacitatu ndi ya ndondomeko: Woyamba, Waciwiri, Wacitatu, Wacinai. Ine ndiona kuti yacitatuyi iposa zonse. Imanena coona cimene cimakhudza masewerawo, ndiko kuti ndani asuntha liti, ndipo masewera akatha dzinalo limatha nalonso. Woyamba wa lero angakhale Wacinai wa mawa.

Chesi ya anai imaonetsanso cina. Pa anthu awiri zonse ndi "ine ndi mdani wanga". Pa anthu anai, pamene yense adzimenyera yekha, amene akuthandiza tsopano angakutembenukire posacedwa, ndipo atatu angagwirizane kugwetsa mmodzi. Ngati agwirizana cifukwa ca mmene bolodi lakhalira, amenewo ndi masewera. Koma ngati agwirizana cifukwa "wofiira sitimufuna", ndiye kuti dzina layamba kulamulira nzeru. Kodi si mmene zimakhalira nthawi zina pa cisankho ca komiti ya acinyamata, pamene mavoti atsata cilankhulo ca kwao kwa munthu?

KODI SIKUTAYA NTHAWI?

Wina adzati: "Mwana amene wagona ndi njala sadzakhuta cifukwa mwasintha dzina la tizidole ta pabolodi." Ameneyo wanena zoona, ndipo tiyenera kumumvera. Mu March 2019 Magnus Carlsen wa ku Norway, amene panthawiyo anali katswiri wa dziko lonse, anasewera ndi Anish Giri akuda ndiwo atayamba, pofuna kukumbutsa anthu za tsankho. Dziko silinasinthe tsiku limenelo. Ndiponso Amon Simutowe, mwana wa Zambia, anafika pa udindo wa Grandmaster mu 2009, woyamba kucokera kumwera kwa cipululu ca Sahara, akutsata malamulo omwewa. Lamulo la oyera silinamutsekere njira. Zimene zimatsekera acinyamata ambiri ndi kusowa kwa mabolodi, aphunzitsi ndi ndalama za ulendo.

Koma tisafulumire kunena kuti dzina liribe mphamvu. Funsani agogo anu za nthawi ya Northern Rhodesia, pamene bambo wa ana asanu anali kuitanidwa kuti "boyi" ndipo anali kugulira nyama pazenera. Dzina ndi zenera zinali kuyendera pamodzi: dzinalo ndilo linacititsa kuti zeneralo lioneke ngati cinthu cacibadwa. Dzina palokha silimanga munthu, koma limazoloweretsa maso kuona unyolo ngati cokongoletsa.

MUYESO WA DZINA

Sindikunena kuti titaye mabolodi athu kapena tikane kusewera ndi akuda. Ndikunena kuti dzina lirilonse limene tipatsa mnzathu tiliyese ndi mafunso atatu. Kodi likunena coona cofunika pa nchito imene tiri nayo? Kodi lingasinthane, kuti mawa likhale langa? Kodi mwini wake angalilandire pamaso pa anthu popanda manyazi?

"Woyamba" ndi "Waciwiri" apambana mayeso onse atatu. "Woyera" ndi "Wakuda" a pabolodi amapulumuka cifukwa ca kusinthana kuja, malinga tikumbukira kuti ndi utoto cabe. Nthabwala za cimbuya pakati pa Abemba ndi a kum'mawa zimakoma cifukwa onse awiri amaponya ndipo onse awiri amaseka. Koma maina amene timapatsa mtsikana wolumala, mnyamata wacialubino, kapena mlendo amene Cinyanja cimamuvuta, amalephera konsekonse. Sasinthana, ndipo mwini wake amawasenza mpaka kunyumba. Pa 1 Samueli 16 timawerenga kuti ngakhale mneneri anatsala pang'ono kusankha mfumu poyang'ana msinkhu ndi maonekedwe. Ngati Samueli anafunika kudzudzulidwa, nanga ife?

ZOKAMBIRANA M'MAGULU

1. Chulani maina opeka amene amveka m'gulu lanu. Ndi angati amene apambana mafunso atatu aja?

2. Kodi ndani "amayamba" nthawi zonse pa gulu lanu: polankhula, potsogolera, pogawa cakudya? Kodi pali kusinthana?

3. Ngati mwini dzina amaseka nao, kodi ndi umboni wokwanira wakuti dzinalo silimupweteka?