Pamsewu wopanda galimoto, wamphamvu ndinali ine

Pakati pa mizinda ya Bristol ndi Bath, kumwera chakumadzulo kwa England, pali njira ya makilomita pafupifupi 21 imene galimoto siziloledwa kupondamo. Kale inali njanji. Sitima zonyamula anthu zinasiya kudutsamo mu 1966, patapita zaka zitatu chitulukire lipoti la Richard Beeching lomwe linalimbikitsa kutseka njanji zosabweretsa phindu. Zitsulo zitazulidwa, malowo anamera thengo. Mu 1979 kagulu ka anthu okonda njinga kotchedwa Cyclebag, komwe pambuyo pake kanadziwika ndi dzina loti Sustrans, kanayamba kulambula mmene munkadutsa njanjimo, ambiri akugwira ntchitoyo mongodzipereka. Pofika 1986 njira yonse inali itatha.

Ndinaidziwa njirayi chaka chimene ndinkachita maphunziro a digiri yachiwiri ku Bristol. Ndinagula njinga yogwiritsidwapo kale ntchito, ya matayala opyapyala, yopanda kaliyala, yopepuka moti ndinkaikweza pamasitepe ndi dzanja limodzi. Loweruka lililonse m'mawa ndinkapalasa kupita ku Bath n'kubwerera. Popeza sitima siikwera chitunda chachikulu, njirayo ndi yosalala. Umadutsa m'phanga lakale la sitima ku Staple Hill, momwe madzi amadontha kuchokera kudenga, kenako Warmley ndi Bitton, nyumba n'kuyamba kuchepa, minda ndi msipu n'kutseguka, mpaka uwoloke mtsinje wa Avon kufupi ndi Saltford.

Tsiku loyamba, chimene chinandidabwitsa ndi makutu anga: analibe ntchito. Ine njinga ndinaiphunzira kwathu ku Ntcheu, m'mbali mwa msewu wa M1, pomwe amalume ankanyamula matumba a mbatata ya kachewere kupita nawo kumsika wa Lizulu. Phunziro loyamba limene anandipatsa silinali la mabuleki. Anati, "Iwe, ukamva hutala usacheuke. Ingotsikira m'fumbi. Galimoto ilibe maso." Kuyambira pamenepo ndinkapalasa ndi makutu, khosi lili gwa, kumvetsera chobwera kumbuyo. Ndinaonapo amalumewo atagwera m'ngalande pamodzi ndi katundu wawo pothawa minibasi, mbatata zili mbwee pamsewu. Sanatukwane. Anadzuka, nadzisasa fumbi, natola mbatata zawo ngati munthu amene yamugwera mvula. Ndani amaimba mlandu mvula?

Choncho nditapalasa ola lathunthu osamva injini kumbuyo kwanga, ndinaganiza kuti ndapeza chilungamo. Ndinati: apa ndiye pamene wofooka wapatsidwa malo ake. Monga womasulira, ndinayamba kufunafuna mawu a Chichewa a chinthu chimene ndinkachitachi, kupalasa njinga wopanda katundu, wopanda kokafika, n'kubwerera pomwe unayambira. Oyandikira anali akuti kuwongola miyendo. Ndinaseka ndekha poganiza zimene wakabaza wa ku Dedza, amene miyendo yake imadyetsa ana, angandiyankhe nditamuuza kuti ndapalasa makilomita 42 kuti ndiwongole miyendo.

Kuseka kumeneko kunandiphunzitsa kuti bata lili pawiri. Kwathu misewu yopanda galimoto ilipo yambirimbiri. Ukapatuka pa tala n'kulowa msewu wafumbi wopita kumidzi, ukhoza kupalasa theka la tsiku osakumana ndi galimoto. Koma mayi amene matenda a uchembere amuyamba usiku sangalitche bata limenelo dalitso, chifukwa msewu umene sukudutsa lole sukudutsanso ambulansi. Bata la pakati pa Bristol ndi Bath ndi losankha: msewu wa galimoto uli pafupi, chipatala chili pafupi, sitima ikuyendabe panjanji ina. Bata la kumudzi kwathu ndi la kuiwalidwa. Munthu asamasokoneze ziwirizi, makamaka iye amene amapita kumudzi ndi kamera n'kumasirira.

Komabe ndinkakhulupirira kuti bata losankhalo ndi yankho lokwanira, kuti mukangochotsa galimoto, nkhanza za pamsewu zatha. Chimene chinandisintha maganizo chinachitika Loweruka lina pakati pa Bitton ndi Saltford.

Ndinali nditazolowera. Miyendo inali italimba, ndipo ndinayamba kudziwerengera nthawi, kufuna kufika ku Bath mofulumira kuposa sabata yatha. Kutsogolo kwanga kunali bambo wachikulire akuyenda ndi kamtsikana ka zaka ngati zinayi, kali pa kanjinga kake kopanda tcheni, kakupotokolapotokola monga amachitira ana. Ndinaliza belu ndili patali. Sanamve. Ndinalizanso, kawiri, katatu, osagwira buleki, chifukwa mumtima ndinali nditagamula kale kuti belu langa ndi lokwanira ndipo kupatuka ndi ntchito yawo. Pomaliza bamboyo anacheuka, nagwira mwanayo paphewa, namukokera m'maudzu ndi mphamvu moti onse awiri anadzandira, kanjinga kaja n'kugwa. Ndinadutsa ngati mphepo.

Sanakuwe. Anangondiyang'ana kamodzi, kenako anawerama kutola kanjingako. Nkhope imeneyo ndinaidziwa. Inali ya amalume akutola mbatata.

Ndinaima patsogolo pang'ono, ndinabwerera n'kupepesa. Bamboyo anati palibe kanthu, mwana sanavulale. Koma ulendo wonse wotsalawo funso linali limodzi: kodi belu langa linasiyana bwanji ndi hutala ya minibasi ija? Zonse ziwiri zinkanena chimodzimodzi: ndikubwera, sindiima, dzisamalire wekha. Dalaivala uja ndinamuda kwa zaka zambiri ngati munthu woipa mtima. Mwina sanali woipa kuposa ine. Anali ndi nthawi yoti aisunge, ndalama yoti akapereke kwa mwini galimoto madzulo, ndi chitsulo chomuteteza. Ine ndinalibe ngakhale chifukwa cha njala. Ndinkangothamangitsana ndi wotchi yanga. Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Mwambiwu timaumva ngati chenjezo lakuti tsoka la mnzako lidzakugwera. Tsiku limenelo ndinaumva mwina: mphamvu imene ukumudera mnzako lero, mawa idzakhala m'manja mwako.

Wina anganene kuti ndikukokomeza. Njinga ya makilogalamu khumi si lole yodzaza simenti, ndipo kufananitsa ziwirizi n'kupeputsa mlandu wa amene amapha anthu pamsewu. Akunena zoona, ndipo sindikufuna kuti mawu anga akhale chothawirapo cha akuluakulu amene amamanga misewu yopanda malo a njinga n'kumauza anthu kuti azingoyenda mosamala. Kulekanitsa njinga ndi galimoto kumapulumutsa miyoyo. Khalidwe labwino la dalaivala silingalowe m'malo mwa mpata wa njinga m'mphepete mwa M1. Tikufunika njira zotero, ndipo wakabaza ndi wonyamula makala akuzifuna kuposa ine wowongola miyendo.

Koma kulekanitsa kuli ndi malire. Mukachotsa lole, wamphamvu amakhala wa galimoto yaing'ono. Mukachotsa galimoto, amakhala wanjinga. Mukachotsa njinga, amakhala mnyamata wothamanga amene akudutsa gogo wa ndodo. Palibe njira imene onse oyendamo ali ofanana, ndipo simungamangire aliyense msewu wakewake. Pamapeto pake funso limabwerera kwa munthu: ukakhala kuti wamphamvu ndiwe, umatani?

Mu January 2022 buku la malamulo a pamsewu la ku Britain, Highway Code, linasinthidwa kuti linene mfundo imeneyi poyera: amene angavulaze kwambiri ndiye ali ndi udindo waukulu wochepetsa ngozi. Wa lole asamale wa galimoto, wa galimoto asamale wanjinga, wanjinga asamale woyenda pansi. Ndi zosiyana kotheratu ndi phunziro la amalume, lakuti wamng'ono ndiye apatuke. Komatu mfundoyi si yachilendo kwa ife. Pachitsime, wamphamvu ndiye amasenzetsa mnzake mtsuko. Paulendo wa kumaliro, gulu limayenda pa liwiro la agogo. Timangoiiwala tikakhala pa chiwongolero, ngati kuti ulemu umathera pomwe tala wayambira.

Panopa ndinabwerera kumudzi, ndipo njinga yopepuka ija ndinaisiya ku Bristol. Ndikapeza mpata ndimapalasa m'misewu yafumbi ya kwathu, momwe ndimakumana ndi amayi osenza nkhuni, ana opita kusukulu ndi mbuzi. Iwo akamva njinga amalumphira m'tchire ndisanalize n'komwe belu, chifukwa nawonso anaphunzitsidwa ndi amalume awo. Ndimagwira buleki ndikadali patali, n'kupereka moni m'malo mwa belu. "Zikomo amayi, musavutike, ndidutsa mbali iyi." Ena amandiyang'ana modabwa, ena amaseka, poona munthu wanjinga akupempha njira. Ndimafika mochedwa ndi mphindi zingapo, ndipo palibe amene anandifunsapo chifukwa chake.